Loweruka lino tibweretse makalata a agogo a ku Keyala

Moni nonse a mu gulu lathu. Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse, nkhani yake ndi makalata a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, 1939 mpaka 1945.

Ambirife agogo athu analowa Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles) ku Zomba, ena mpaka anakafika ku Burma mu 1944, ndiye chonde fufuzani m'masutikesi ndi m'mabaibulo akale, kalata iliyonse ngakhale yodyedwa ndi chiswe ibwere. Ife kwathu tapeza zitatu, agogo aakazi sankatha kuwerenga ndiye ankapita nazo kwa aphunzitsi a ku mishoni kuti awawerengere, yankho ankalembanso aphunzitsi omwewo. Za nkhondo agogo aamuna sankalembamo kwenikweni, ankangofunsa ngati mvula yagwa, nkhokwe yafoleredwa, msonkho walipidwa, mwana uja wayamba kuyenda... ine ndinalira ndithu powerenga, poganiza kuti agogo aakaziwo ankalima okha munda wonse uja mwana ali kumbuyo.

Musamate ndi selotepi chonde, imawononga pepala. Ikani mu envulopu, tidzajambula pa foni pomwepo ndipo aliyense abwerera nazo zake. Amene muli ndi agogo okumbukira nthawi imeneyo bwerani nawo, tithandizana thiransipoti.