Achimwene, mkonono umenewu musauseke

Achimwene,

Kalata yanu yafika ndipo ndaiwerenga kawiri. Kuno tonse tili bwino. Mwati mumadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku, mtima uli thi thi thi ngati wina wakugwirani pakhosi, ndipo tulo sitibweranso mpaka kucha. Mukuti ndi nkhawa za visa, za lendi ya ku Leeds, ku England, ndi za ndalama zotumiza kumudzi. Mwina ndi zimenezo. Koma chandigwira mtima ndi chimene mwalemba kumapeto ngati nthabwala, chakuti alamu anathawira pa sofa chifukwa cha mkonono wanu, ndiponso akuti nthawi zina mumangoti zii osapuma, kenako n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuuka m'madzi. Tiyambe ndi chimenecho, chifukwa mukalakwitsa apa zina zonse zikhala zopanda phindu.

Munthu akagona, minofu ya kummero ndi lilime zimafooka. Kwa ena njira ya mpweya imangochepa, ndiye mkonono uja. Kwa ena imatsekeka ndithu, chifuwa chikukoka koma mpweya osadutsa, kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Okosijeni akatsika m'magazi, ubongo umakudzutsani modzidzimutsa, mtima n'kuthamanga, khosi n'kutseguka. Zimatha kuchitika ka 30 pa ola limodzi inu osadziwa; mumangokumbukira ulendo umodzi umene munadzuka nawo zenizeni, ndipo umaoneka ngati mantha. Madokotala kumeneko amati obstructive sleep apnoea. Lowezani dzinali chifukwa mukalitchula kwa GP, dokotala wanu wa m'dera.

Dziyeseni ndi mafunso 8 awa, lililonse lovomera ndi mfundo imodzi. Mkonono wanu umamveka chitseko chili chotseka? Mumatopa kapena kusinza masana? Alipo anakuonani mukusiya kupuma kutulo? Muli ndi BP? BMI yanu yaposa 35? Mwapitirira zaka 50? Khosi lanu laposa masentimita 40? Ndinu mwamuna? Khosi muyeze ndi tepi ya telala, mozungulira pa kholingo, osathina. BMI ndi makilogalamu anu kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenako kugawanso ndi msinkhu womwewo: wa makilogalamu 105 wotalika mamita 1.70 amapeza 36. Mfundo 3 ndi zokwanira kukayezetsa, 5 ndiye musazengereze. Inu muli kale ndi 3 musanagwire n'komwe tepi. Kupatula mfundozi, ndi chizindikironso ngati mumadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, kapena mumakodza kawiri katatu usiku. Ambiri amaganizira shuga pa kukodzaku, ndipo ndi bwino kumuyezetsa, koma kubanika nako kumachititsa thupi kupanga mkodzo wambiri usiku.

Mboni yanu ndi alamu. Apempheni akujambuleni pa foni mphindi 10 mutagona chagada, awerenge masekondi a nthawi imene mwati zii. Pitani nazo kwa GP, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo limodzi, poti wogona sadziona. Akakufunsani mafunso a Epworth, a mmene mumasinzira mukawerenga, mukaonera TV, mukakhala m'galimoto. Malikisi onse ndi 24 ndipo oposa 10 ndi chizindikiro. Musadzilimbitse poyankha. Kenako amakutumizani ku sleep clinic, chipatala cha mavuto a tulo, kumene nthawi zambiri amakupatsani kachipangizo kokagona nako kunyumba: kopana chala, lamba wa pachifuwa ndi kapayipi ka pamphuno. Zotsatira ndi nambala ya kubanika pa ola. Kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 lapakati, 30 kupita m'tsogolo lalikulu.

Chithandizo chodalirika ndi makina a CPAP, amene amapopa mpweya wamba kudzera mu masiki kuti khosi lisatsekeke. Si okosijeni ayi. Ambiri amawasiya m'masabata oyamba pa zifukwa zotheka kukonza. Masiki ikamatulutsa mpweya cha m'maso, anthu amakoka zingwe mpaka kusiya zipsera, chonsecho vuto ndi saizi kapena mtundu wake, bwererani akakusinthireni. Mphuno ndi kummero zikamauma, pemphani kabotolo ka madzi konyowetsa mpweya. Mukamatsegula pakamwa kutulo, ya pamphuno pokha siikuthandizani, mufunika yophimba ndi pakamwa pomwe. Ikamakuchititsani mantha, muziivala masana kwa mphindi 20 mukuonera mpira kufikira thupi litazolowera. Maola 4 pa usiku ndiwo ochepetsetsa, koma cholinga ndi usiku wonse.

Za galimoto ndinene mosabisa. Ngati mukusinza pa chiwongolero, lekani kuyendetsa lero lomwe. Akapeza vuto lapakati kapena lalikulu limodzi ndi kusinza masana, lamulo la kumeneko likuti muuze a DVLA, bungwe loona za malaisensi oyendetsera galimoto, ndipo kubisa kuli ndi chindapusa chofika £1,000. Vuto likagonja ndi chithandizo anthu amabwerera pa msewu.

Podikira tsiku la kuchipatala, gonani chammbali. Sokererani mpira wa tenisi kumsana kwa T-shirt yakale kuti mukatembenukira chagada uzikubwezani. Kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri, ngakhale makilogalamu 10 pa 100 alionse. Koma chachikulu ndi ichi: musamwe mowa kapena mapiritsi ogonetsa kuti mupeze tulo. Mowa umagonetsa msanga, kenako umafooketsa khosi kuposa kale ndi kudula tulo pakati pa usiku. Diazepam ndi anzake amagonetsa ubongo umene umayenera kukudzutsani mukabanika, ndiye kubanika kumatalika. Ngakhale ogula popanda chikalata ngati Nytol asiyeni kaye. Mnzanu wa kuntchito akakupatsani ake, thokozani n'kubweza.

Si kubanika konse kwa usiku kumene kumachokera kukhosi. Mphumu imavuta m'mbandakucha, ndi chifuwa chouma ndi kulira kwa mluzu potulutsa mpweya. Chilungulira chimabwera ndi zowawasa kummero mukadya nsima yambiri n'kugona pomwepo. Idyani maola 3 musanagone, ndipo kwezani miyendo ya bedi ya kumutu ndi masentimita 15, osati kuunjika mapilo, amene amangopinda mimba. Choopsa ndi cha mtima: kudzuka patapita ola limodzi kapena awiri, kulephera kupuma mpaka mutakhala tsonga, miyendo yotupa madzulo. Chimenecho n'cha dokotala msangamsanga. Kuwawa kwa pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, milomo kusintha mtundu, kulephera kumaliza chiganizo, imbani 999, nambala ya ambulansi. Ndipo ngati munadzukapo maso ali pululu koma thupi osasuntha, ngati chinthu chakukhalirani pachifuwa, musathamangire kuganiza za kumudzi. Ubongo wadzuka thupi likadali lomangika monga limakhalira polota. Zimatha zokha, ndipo zimakonda anthu osowa tulo ndi ogona chagada.

Tsopano nkhawa, poti nazo zilipo. Mantha a usiku amafika pachimake m'mphindi 10 kenako n'kuyamba kutsika. Chimawakulitsa ndi kupuma mothamanga, kumene kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi, n'chifukwa chake zala ndi milomo zimachita dzanzi ndipo mutu umazungulira. Munthu akamva dzanzi amati ndikufa, n'kupumanso mothamanga. Khalani tsonga, dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi 5. Mphamvu ili potulutsa. Muziyeserera masana kawiri pa tsiku, chifukwa njira yosazolowera siikumbukika mtima ukuthamanga.

Maganizo apatseni nthawi yawo dzuwa lisanalowe: mphindi 15, pepala logawa pawiri, uku vuto, uku chimene mungachitepo mawa. Usiku likabwera, muliuze kuti lalembedwa kale. Foni izigona pabalaza. M'nyengo yozizira ya kumeneko, ife kuno timakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye uthenga wa fetereza wotumizidwa 6 koloko m'mawa umakupezani 4 koloko. Auzeni abale nthawi imene mumayankha.

Tulo tili ngati nkhuku madzulo, mukaithamangitsa imabalalika, mukaisiya imalowa yokha m'khola. Mukaona kuti papita mphindi ngati 20 muli maso, osayang'ana wotchi, dzukani mukakhale pena pa kuwala kochepa, muwerenge chosasangalatsa, mubwerere zikope zikalemera. Kugubuduka pabedi maola awiri kumaphunzitsa ubongo kuti bedi ndi bwalo la milandu. Nthawi yodzuka ikhale imodzi ngakhale mwagona moipa, ndipo musalowe m'bulangeti 8 koloko pofuna kubweza ngongole ya dzulo. Sabata yoyamba mudzatopa kwambiri. Apa m'pamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Tiyi, khofi, Coca-Cola ndi Red Bull zithere masana, chifukwa pakatha maola 5 kapena 6 theka la caffeine limakhala likadali m'thupi.

Masabata a shifiti ya usiku, khofi akhale wa theka loyamba la shifiti basi. Pobwerera valani magalasi akuda ngati simukuyendetsa, idyani chopepuka, gonani m'chipinda cha makatani ochindikala. Ngati nkhawa sizikuphwa, ku England mutha kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, uphungu wa boma wa mavuto a maganizo, osadzera kwa GP, kwaulere, ndipo mufunse za CBT ya kusowa tulo, chithandizo chophunzitsa kusintha maganizo ndi zizolowezi.

Munditumizire muyeso wa khosi, BP yanu ya m'mawa ya masiku atatu, ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa, poti ena mwa iwo amathawitsa tulo akamwedwa madzulo. Moni kwa alamu ndi ana, ndipo muwauze alamuwo kuti asafufute zimene ajambulezo mpaka dokotala atazimva.

Ndine mnzanu wa kale lomwe.