Chilungamo si kugawana mofanana chabe

Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata. Ambiri akamva za chilungamo pakati pa anthu amangoganiza za kugawana chuma mofanana. Nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo.

Mu 1971, katswiri wa ku America John Rawls anati tiyerekeze kuti tikupanga malamulo a dziko tisanadziwe kuti tidzabadwira m'banja lotani, lolemera kapena losauka. Munthu wotere sangalembe malamulo opondereza amphawi, pakuti mwina mphawiyo adzakhala iye mwini. N'chifukwa chake Rawls anavomereza kusiyana kwa chuma pokhapokha ngati kukupindulira amene ali pansi penipeni.

Katswiri wina wa ku America, Robert Nozick, anamutsutsa mu 1974, ponena kuti chuma chopezeka mwachilungamo boma lisachilande. Nanga chimene makolo anachipeza molanda? Iyenso anavomereza kuti cholakwa chotere chiyenera kukonzedwa, ngakhale omutamanda sakonda kukumbukira mfundoyi.

Ine mtima wanga uli kwa Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, amene amafunsa zomwe munthu angathe kuchita ndi zimene ali nazo. Mukapatsa njinga munthu wolumala miyendo ndi mnzake wathanzi, mwagawa mofanana ndithu, koma wokwera ndi mmodzi.

Wowerenga wanu.