Ojambula zithunzi za omaliza sukulu, lekani kutiyeretsera ana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za zithunzi zomwe ana amajambulitsa akamaliza sekondale kapena akalandira digiri, zija amavala gauni ndi chipewa chamakona anayi satifiketi ili mmanja. Masiku ano zikatuluka mwana wakuda bwinobwino akumaoneka ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu, chipsera cha pachipumi afufuta, mphuno achepetsa, tsaya lili see ngati chidole, mpaka agogo ake kufunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa ndani. Ine zimandiwawa zimenezi chifukwa ichi ndi chithunzi chomwe chimakhala pakhoma moyo wonse.

Mbali ina vuto limayambira pa kamera yeniyeniyo. Kamera ikamayeza yokha kuwala imafuna chilichonse chikhale chotuwa pakatikati, ndiye mukaimika mwana wakhungu lakuda, wavala gauni lakuda, kumbuyo mwapachika nsalu yoyera mbee, imatsatira nsaluyo nkhope nkutuluka mdima okhaokha. Si za lero izi. Kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi mzimayi wachizungu, ankalitcha Shirley, kuti azikonzera mitundu potengera khungu lake, ndipo khadi la azimayi a makungu osiyanasiyana linadzabwera mochedwa m'ma 1990. A Google nawo mu 2021 anachita kuika luso la kamera lotchedwa Real Tone pa foni ya Pixel 6 cholinga choti anthu akuda azioneka mmene alili. Ndiye wojambula akamati khungu lakuda ndi lovuta kujambula sakunama kwenikweni, koma ntchito yake ndi imeneyo, nchifukwa chake timamulipira.

Mankhwala ake ndi kukonza kuwala usanadine batani. Osaimika mwana padzuwa la masana, chipewa chija chimaponya mthunzi mmaso nkhope nkugawika pawiri, bola mmawa kapena dzuwa likapendeka, apo ayi pamthunzi koma atayang'ana komwe kukuchokera kuwala. Wina agwire rifulekita, ngakhale pepala lalikulu loyera limagwira ntchito, kuti kuwala kubwerere pansi pa chipewacho. Kamera iyezere pankhope osati pansalu, ndipo kumbuyo kukhale kodera pang'ono. Komanso osamuyandikira kwambiri ndi lenzi ya pa foni, imakulitsa mphuno, imani patali ndi lenzi yaitali monga ya 85mm. Khungu lakuda likalandira kuwala bwino limanyezimira mokongola kwambiri moti sipafunikanso kulikhudza. Koma ambiri safuna kuvutika, amangojambula ndi fulashi thwa kenako kukakhala pa kompyuta nkukweza kuwala konse mpaka mwana kusanduka wina.

Koma tisangonyoza ojambula okha, ambiri amachita zomwe apemphedwa. Mtsikana wa zaka 18 amanong'oneza yekha kuti achimwene mundiyeretseko pang'ono, nthawi zina ndi mayi ake enieni amene amatero. Apa mpomwe pamandipweteka mtima zedi. Mwana wavutika zaka zonsezi, kuwerenga usiku, mayeso wakhoza ndi mutu wake, ndiye patsiku lomwe akuyenera kunyadira akuuzidwa kuti nkhope yake ikufunika kukonza kaye isanaonetsedwe kwa anthu? Anazolowera mafyuluta a pa Snapchat ndi TikTok mpaka nkhope yake yeniyeni akuiona ngati yolakwika, ife akuluakulu nkumavomerezanso.

Sindikuti kuedita nkoipa konse ayi. Chiphuphu chomwe chatuluka dzulo ndipo chitha sabata yamawa chichotseni, kolala ikapindika iwongoleni, thukuta pachipumi lichepetseni. Koma mtundu wa khungu, mpata wa mano, chipsera, kukula kwa milomo, zimenezo ndi zake za mwanayo, zisiyeni.

Makolo anzanga, musanapereke ndalama muuzeni wojambula akuonetseni zithunzi zomwe anajambulapo anthu akhungu ngati la mwana wanu, mukaona onse akufanana kuyera dziwani kuti wanunso amuchita chimodzimodzi. Mugwirizane poyamba zoti achotse ndi zoti asakhudze, mwana ali pomwepo akumva. Pemphaninso fayilo yathunthu, chifukwa chithunzi chotumizidwa wamba pa WhatsApp chimapanikizidwa ndiye mukadzafuna kuchikulitsa chimatuluka chosaoneka bwino, auzeni atumize ngati dokyumenti kapena akuikireni pa fulashi disiki. Ndipo ngakhale chimodzi mupulintitse ndithu, mafoni amatayika amabedwa.

Kwa aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu omwe mumaitana wojambula mmodzi kuti ajambule kalasi yonse, inu ndi amene muli ndi mphamvu, muuzeni asanayambe kuti simulandira zithunzi zoyeretsedwa.

Ine,
Kholo lokhudzidwa