Lipoti la Msonkhano wa Makochi: Tsiku Limene Tinakangana za Jordan, LeBron ndi Akale Awo

A Wapampando, a komiti, ndi makochi anzanga nonse,

Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma ku msonkhano wa makochi a basketball ya achinyamata. Zikomo chifukwa cha ndalama ya thiransipoti ndi yogonera. Malisiti ndi chenji ndapereka kale kwa a msungichuma. Ndiulule msanga kuti tsiku loyamba ndinafika mochedwa, minibasi itatha pafupifupi ola lathunthu ikudikira kudzaza, choncho za mwambo wotsegulira musandifunse. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ine ndingonena zimene ndinaona ndekha n'kulemba m'kope.

Za kaphunzitsidwe ka ana aang'ono ndi za kupewa kuvulala anatipatsa mapepala, ndibwera nawo Loweruka. Chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi phunziro la tsiku lachiwiri, la kalembedwe ka ziwerengero za masewero. Pa pulogalamu linkaoneka ngati lija munthu amawodzera nalo, koma ndi limene linatsala pang'ono kutidyetsa nsima yozizira.

Amene ankatsogolera ndi mayi wina wophunzitsa timu ya atsikana. Sanayambe ndi moni wautali. Analemba pa bolodi manambala awiri, 50.4 ndi 37.1, n'kutiuza kuti amenewa ndi mapointi amene anthu awiri ankagoletsa pa gemu iliyonse mu sizoni yawo yopambana. "Mungatenge uti?" Ambiri tinaloza wa 50.4. Atalemba mayina, wa 50.4 anali Wilt Chamberlain mu sizoni ya 1961-62, wa 37.1 anali Michael Jordan mu 1986-87. Mnyamata wina amene anavala jezi ya nambala 23, nambala ya Jordan, anatsitsa dzanja mwakachetechete, holo yonse kuseka.

Kenako mayi aja anayamba kusenda nambalayo ngati anyezi. Mu 1961-62 timu ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, inkagoletsa mapointi pafupifupi 119 pa gemu, pamene mu 1998-99 inkangofika 92 movutikira. Masiku a Chamberlain osewera ankathamanga n'kuponya msangamsanga, mipira yophonya inali yambiri, ndiye yotola pansi pa ring'i inalinso yambiri. Chamberlain yekha ankaponya pafupifupi ka 40 pa gemu, ndipo sankapuma: ankasewera mphindi 48.5 pa gemu pamene gemu ili ndi mphindi 48, chifukwa cha nthawi yowonjezera. Usiku wa pa 2 Marichi 1962, ku Hershey, pamene anagoletsa mapointi 100 polimbana ndi New York Knicks, anaponya ka 63 n'kulowetsa 36, kuphatikizapo mipira 28 ya pa fawulo. Sizikuchepetsa munthuyo ayi, mpaka ligi inakulitsa malo a pansi pa ring'i mu 1964 pofuna kumutalikitsako. Koma nambala ya 1962 ndi ya 1987 n'zofanana ndi kwacha ya kale ndi ya lero, dzina limodzi koma zogula zosiyana.

Apa mpamene anaimirira bambo wina wachikulire, wa imvi mutu wonse, amene anati anayamba kusewera pa bwalo lafumbi la pa mishoni. Iwo anati ana inu mukuvutikiranji, mukafuna kudziwa wosewera wopambana onse m'mbiri werengani zikho basi: Bill Russell anatenga 11 m'zaka 13 ndi Boston Celtics, nkhani yatha. Wa jezi uja anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, pamene Russell ankayamba ligi inali ndi matimu 8 okha, lero alipo 30." Wina kumbuyo anaponyapo kuti tikawerenga zikho ndiye kuti Robert Horry, amene ali ndi 7, amuposa Jordan wa zikho 6. Bambo aja anangopukusa mutu n'kukhala pansi, koma sanagonje, monga muone kutsogoloku.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: NBA inayamba kulemba mipira yotchinga ndi yolanda mu sizoni ya 1973-74. Russell anasiya kusewera mu 1969. Ndiye kuti ntchito imene ankadziwika nayo, yomenya mpira wa mdani uli m'malere n'kuugwetsera kwa mnzake, palibe pepala la ligi limene linailemba. Timanyadira kuti Hakeem Olajuwon wa ku Lagos ndiye akutsogola ndi mipira yotchinga 3,830, ndipo malemu Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa akutsatira ndi 3,289. N'zoona, ndipo monga anthu a ku Africa tinaomba m'manja. Koma akutsogola pa mndandanda umene Russell ndi Chamberlain sanalembedwepo n'komwe.

Za mzere wa mapointi atatu tinadutsapo mwachangu chifukwa aliyense amazidziwa. Unalowa mu NBA mu 1979. Larry Bird anatsogola ligi yonse mu 1985-86 ndi mipira 82 ya kuseri kwa mzerewo. Stephen Curry mu 2015-16 analowetsa 402. Kareem Abdul-Jabbar anasonkhanitsa mapointi 38,387 ali ndi mpira umodzi wokha wa mapointi atatu, ndipo LeBron James anamupitirira pa 7 Febuluwale 2023. Onjezanipo kuti kuyambira 2004 oyimbira anakhwimitsa lamulo loletsa wotchinga kuika dzanja pa thupi la amene ali ndi mpira. Anthu a Jordan amati akanasewera lero bwenzi akugoletsa mmene akufunira. Anthu a LeBron amati difensi ya zoni, yotchinga malo m'malo motsatira munthu mmodzi, imene inaloledwa mu 2001, ikanamupanikiza. Onsewa akulota, palibe angatsimikize.

Magetsi anazima tikufuna kuonera mafilimu akale, choncho anatitulutsa kupita pa bwalo pamene matimu awiri a atsikana ankasewera. Anatigawa pawiri. Gulu lina linapatsidwa mapepala ndi mapensulo kuti lilembe mapointi okha, monga timachitira ife kuno. Gulu lina analiuza kuti lingopenya, manja m'thumba. Ine ndinali wa pepala. Ndinatha gemu yonse mutu uli pansi, kumangomva mluzu n'kufunsa mnzanga kuti wagoletsa ndani. Pomaliza anatifunsa wosewera bwino. Ife a pepala tinatchula kamtsikana kothamanga kovala nambala 7, kamene kanagoletsa kuposa onse. Openya aja anatchula mtsikana wamtali wa nsapato zong'ambika chakuphazi, amene papepala langa anali ndi timizere tiwiri tokha.

Ndinatsutsa. Ndiye bambo a imvi aja anandikoka dzanja n'kundiimika pansi pa ring'i. "Achimwene, mwaona kangati wina akulowa muno?" Ndinalibe yankho. Anati atsikana a timu inayo akafika apa n'kumuona wamtali uja atatambasula manja, ankabwerera n'kukaponyera kutali, mipira n'kumagunda chitsulo. Nambala 7 uja anagoletsa zambiri, inde, koma anaphonya kangati? Papepala langa panalibe malo olemba zophonya. "Russell wanu ndi ameneyo," anatero, n'kubwerera pa benchi.

Komatu openyawo nawonso anagwidwa. Atafunsidwa amene anataya mipira yambiri, onse analoza mwana wina amene anataya umodzi moonekera, mpira kumudutsa m'miyendo anthu n'kuseka. Mayi otsogolera aja anali akulemba okha chapambali, ndipo pepala lawo linasonyeza kuti wotaya kwambiri anali yemwe uja wamtali, pa mapasi ake ofooka. Diso limasunga chimene chachititsa phokoso.

Mukandifunsa maganizo anga, inu mukudziwa kuti ndine wa Jordan kuyambira kale, ndipo sindinasinthe. Koma chifukwa changa chasintha. Poyamba ndinkangoti anafika mu fainolo ka 6 n'kupambana konse. Tsopano ndimati funso labwino n'lakuti munthu anawatalikira bwanji anzake amene ankasewera nawo pa malamulo amodzi, ndipo Jordan anatsogola ligi pa kugoletsa masizoni 10. Pa muyeso womwewo Kareem, amene anasankhidwa wosewera wopambana onse pa sizoni ka 6, timamunyalanyaza mopanda chilungamo. Ndipo amene akuti LeBron, wolowa ligi mu 2003 n'kutenga zikho ndi matimu atatu osiyana, sindimuonanso ngati mwana wosadziwa mpira. Msonkhano sunagwirizane dzina limodzi, ndipo palibe anayembekezera kuti ungatero.

Chimene chikutikhudza ife ndi ichi. Chaka chatha tinasankha wosewera wopambana wa ligi yathu poyang'ana mapointi okha, ndipo ine ndinali m'gulu losankhalo. Ndikakumbukira ana ena amene tinawadumpha, ndikuchita manyazi. Pepala lathu limaona wogoletsa yekha.

Ndikupempha komiti ikambirane zinthu izi Loweruka. Pa tebulo pazikhala anthu awiri, wina wa mapointi ndi mafawulo monga kale, wina wolemba zophonya, zotola pansi pa ring'i, zotchinga ndi zotaya. Timu iliyonse ipereke wophunzira mmodzi woti timuphunzitse. Ana a Fomu 3 okonda masamu alipo ambiri ndipo ena angakondwe kukhala pa tebulo kusiyana ndi pa benchi. Posankha wopambana, makochi amene anaonera magemu aziyamba anena maganizo awo asanaone mapepala, kenako tiziyerekeza. Chitsanzo cha pepalalo ndabwera nacho. Chikufunika kuchita fotokope, ndiye a msungichuma, chenji ndinabweza chija musachiike patali.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano