Sitima zakale musamazidule zonse, imodzi tipatseni tiimize

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanuyi pa nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi yaitali. Ine ndili ndi kasukulu kophunzitsa anthu kudaiva kuno ku Chembe, ku Cape Maclear, kudaiva kwake kuja kolowa pansi pa nyanja utabereka silinda ya mpweya kumsana, ndipo chomwe ndimachikonda kwambiri pa ntchitoyi ndi kutengera anthu kukaona maboti omwe anamira. Ndilibe zambiri ayi, kaboti kamodzi ka injini, kompresa imodzi yopopera mpweya m'masilinda, masilinda ochepa ndi anyamata atatu a m'mudzi momwe muno ondithandiza.

Pempho langa ndi ili: sitima ndi maboti achitsulo akatha ntchito pa nyanja yathuyi asamathere onse kwa odula zitsulo. Imodzi yokha itsukidwe bwinobwino, imizidwe dala pamalo osaya kwambiri kuti anthu azikadaivapo.

Panopa chomwe tili nacho kuno ndi kaboti kachitsulo ka mamita pafupifupi 15 komwe kanamizidwa dala pafupi ndi chilumba cha Thumbi, kali pakuya kwa mamita 30. Kamatithandiza ndithu sindingakanyoze, koma mamita 30 si masewera. Munthu amene wangomaliza kosi yoyamba ija ya Open Water malire ake ndi mamita 18 basi, kuti afike pa 30 afunika achitenso kosi yachiwiri ya Advanced, ndiye ambiri mwa ophunzira anga amabwerera kwawo kabotiko atangokamva m'nkhani. Ndiponso pa 30 mpweya umatha kanayi msanga kusiyana ndi pamtunda, silinda yomwe ndaipopa mpaka kudzaza pa 200 bar umangoona singano yoyezera mpweya ikutsika, maminitsi okhala pansipo safika n'komwe 20 ndipo pokwera uyenera uime kaye pa mamita 5 kwa maminitsi atatu. Ulendo wonse uja, mafuta a boti onse aja, kungokaona kanthu kwa nthawi yochepa chonchi.

Koma abale, ukafika pansipo ndi zina. Chaka chatha ndinatsika ndi mnyamata wina mwana wa msodzi, wakulira m'bwato ndipo kusambira amanditha kutali, kanali koyamba iye kufika pa kabotiko. Tikutsika mogwira chingwe madzi amasintha, kuchoka kubiriwira kuja n'kuyamba kuda pang'onopang'ono, kuzizira kumalowa mu wetsuit, chovala chodaivira chija, kenako chitsulo chimangotulukira pansi pako ngati chikubwera chokha. Ndinamuwalitsira tochi kunsi kwa boti, munali kampango wamkulu atangoti phee ndevu zikugwedera. Mnyamata uja anandigwira pamkono mwamphamvu, maso atatong'ola mkati mwa mask. Titakwera anandiuza kuti kampango wamudya moyo wake wonse koma kumuona ali kunyumba kwake kanali koyamba. Lero ndi mmodzi mwa atatu ondithandiza aja ndipo akuphunzira za Divemaster, kosi ya otsogolera madaiva.

Ena andifunsapo kuti bwanji osangopita pa Vipya poti ndi sitima yeniyeni. Ayi ndithu. Vipya inamira pa 30 July 1946 kumpoto uko chakufupi ndi Chilumba itakumana ndi mwera, anthu 145 anathera momwemo. Ngakhale ikanakhala pafupi, amenewo ndi manda a abale athu, si malo opangirapo bizinesi. Ndikadutsa pa Mangochi boma ndimaima pa chikumbutso chawo chija pafupi ndi nsanja ya wotchi, pomwenso pali mfuti ya sitima ya Guendolen yomwe mu August 1914 inakaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Mbiri ya sitima pa nyanja ino ndi yaitali, Chauncy Maples ndi ya 1901, Ilala ikuyenda chiyambire 1951, koma mwana wa sukulu akafuna kuona sitima yakale ndi maso ake amakapeza mfuti ndi zithunzi basi.

Anzathu kunjaku anazindikira kale. Ku Egypt sitima ya Thistlegorm yomwe inamizidwa pa nkhondo mu 1941, njinga zamoto ndi malole zili m'kati mpaka lero, imakoka madaiva ochokera dziko lonse lapansi. Ku Cape Town, pa Smitswinkel Bay, anamiza dala sitima zisanu zakale ndipo nsomba zinamangapo mudzi, masukulu a daivi akudyerapo. Ife tili ndi chomwe iwo alibe, madzi opanda mchere omwe sadya chitsulo msanga, ofunda chaka chonse, ndi mbuna zomwe kulibe kwina kulikonse pa dziko, zomwenso zinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984.

Ndikudziwa kuti a zachilengedwe adzadandaula ndipo akhala akulondola, inenso sindingalole munthu kudzataya chidzala mu nyanja yomwe timamwa. Sitima isanamizidwe mafuta onse ndi oyilo achotsedwe, mabatire, mawaya, penti yomwe ikusupuka, magalasi, zitseko zigululidwe ndipo m'mbali mubooledwe mazenera akuluakulu kuti daiva kulikonse komwe ali aziona kuwala kotulukira. Malo ake asankhidwe pamchenga osati pamiyala ya mbuna, pakuya kwa mamita 20 kapena 22 kuti pamwamba pa sitimayo pafike ngakhale wa kosi yoyamba. A ofesi ya za maulendo a pamadzi, a za nkhalango ndi nyama zakutchire, a zokopa alendo, mafumu, onse akhalepo. Makamaka asodzi, chifukwa ukonde ukakodwa pa chitsulo msodzi waluza ndalama zambiri ndipo ukondewo umapitiriza kupha nsomba pansipo popanda wozidya, komanso ungakole munthu. Ine ndadulapo maukonde otere ndi mpeni kangapo, nsomba zowola zili lendelende. Pakhale chizindikiro choyandama choti aliyense adziwe kuti apa sitiponya.

Nkhani ya chitetezo ndiyo imandisowetsa tulo. Kulowa m'kati mwa boti lomira sindilola munthu wopanda kosi yake, timalowa ndi chingwe chotitsogolera, mpweya timaugawa patatu, gawo lina lolowera, lina lotulukira, lachitatu losunga, chifukwa ukangomenya matope ndi mafinzi, zopalasira madzi zakumapazi zija, kamodzi kokha m'katimo mumada bii osaona ngakhale dzanja lako. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye kawerengedwe ka nthawi timakasintha, ndipo mlendo amene wadaiva m'mawa sindimulola akwere mapiri a Golomoti kupita ku Dedza tsiku lomwelo, poti kukwera pamwamba utangodaiva kumene kungayambitse matenda a mpweya m'magazi. Munthu akadwala matenda a mpweya m'magazi aja, makina omuchizira ali kunja kwa dziko. Ichi ndi chifukwa chinanso chomwe ndikupemphera sitima ya pamalo osaya.

Za mavuto a bizinesi sindichulukitsa, aliyense akuwadziwa. Mafyuluta a kompresa, ma O-ring otsekera mpweya kuti usathawe, zokonzera ma regulator opumira pansi pa madzi, mabuku ndi masatifiketi a ophunzira, zonsezi timalipira m'madola omwe sapezeka, magetsi akazima masilinda sapopedwa, petulo akasowa boti limangokhala pagombe, ndipo miyezi ya mwera kuyambira May mpaka August masiku ena sitituluka n'komwe. Sindikupempha ngongole kapena kuti wina andichotsere msonkho.

Chomwe chimandipweteka ndi choti ophunzira anga ambiri ndi alendo odutsa, amakhala masiku anayi kosi ikatha n'kumapita. Patakhala sitima yeniyeni pansi apa akanamawonjezera masiku, a malo ogona apeze, amayi ogulitsa nsomba ndi zitumbuwa apeze, ndipo ine ndikanakhala ndi ndalama zophunzitsira ana a ku Chembe, a ku Msaka, a ku Monkey Bay mpaka afike pokhala aphunzitsi okha. Akuluakulu amene muli ndi mphamvu pa sitima zakutha zija, musanaitane odula zitsulo tiitaneni ife madaiva tidzaione. Ntchito yotsuka ine ndi anyamata anga tidzagwira ulere.

Mphunzitsi wa daivi,
Chembe, Mangochi