Foni ya Tadala ifikire kaye kwa ine

Wokondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg komweko. Ife kuno ku Zomba tilipo. Tadala ndinamuona Lamulungu kutchalitchi ali ndi agogo ake; wakula mwanayu, msinkhu wakupitirirani kale.

Zija munanena zoti mumutumizira foni pa basi ya mwezi wamawa ndakhala ndikuziganizira sabata yonseyi. Sindikukuletsani ayi. Mwana amene mayi ake ali kutali amafunika kumva mawu awo nthawi imene wawasowa, osati kudikira kuti agogo abwereke foni kwa aneba. Koma mumve kaye zimene zinatigwera kunyumba kuno mwezi wa June.

Tsiku limenelo ndinapita kumsika, foni ndinaisiya pa chaja. Kunaimba bambo wina wa mawu aulemu, nkumuuza mwana wanga Madalitso kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, akukonza nambala yanga kuti isatsekedwe. Anati pabwera uthenga wa manambala 6, amuwerengere. Mwana wa zaka 12, amene tinamulera kuti wamkulu sakanizidwa, anawerenga. Manambala amenewo ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akamalowetsa nambala yake mu foni ina. Ine osadziwa kanthu, popeza bandulo inali itatha. Mawa lake amayi a gulu lathu la banki m'khonde anayamba kulandira mauthenga m'dzina langa, chithunzi changa chili pamwamba, oti ndili kuchipatala ndi mwana, anditumizire ndalama pa nambala ina. Mlamu wanga anatumiza K40,000 osandiimbira nkomwe, poganiza kuti akupulumutsa moyo. Wakubayo anali ataikamonso PIN yake, moti ndinadikira masiku 7 kuti ndilowenso mu WhatsApp yanga.

Ndalamazo zinandipweteka, koma chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero nchakuti Madalitso anazindikira ola lomwelo kuti walakwitsa, nkukhala chete masiku awiri. Nditamufunsa anati, "Ndimaopa kuti mundimenya." Akanangondiuza madzulo omwewo ndikanachenjeza anthu onse asanatumize ngakhale tambala. Kuyambira pamenepo ndinamulonjeza kuti chilichonse chimene chachitika pa foni, akabwera kudzanena yekha, sindikalipa. Kusunga lonjezo limeneli nkovuta, mnzanga, mtima umatentha, koma ndikulisunga.

Tsono Tadala ndi mtsikana wa zaka 14, ndipo amene adzamufunafuna si akuba ndalama okha. Facebook ndi TikTok amati munthu akhale atakwanitsa zaka 13, choncho pakhomo palibe womubweza. Alipo azibambo amene amayamba ndi moni, mawa amuyamikira kukongola, mkuja amugulira bandulo kapena kumutumizira kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money. Akazolowerana amapempha chithunzi, kenako china chosavala, ndipo akachipeza mawu amasintha: ukakana ndichitumiza ku gulu la kusukulu kwanu. Pamenepa ndi pamene mwana amadzitsekera m'chipinda, osadya, agogo nkumaganiza kuti ndi malungo. Tadala adziwiretu kuti chithunzi chikachoka mu foni yake sichibwereranso, komanso kuti ngakhale atalakwitsa kale, wolakwa wamkulu ndi womuopsezayo. Lamulo lathu la 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security, limaletsa zithunzi zolaula za ana ndi kuzunza munthu pa intaneti, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 116, yoimbira ana amene ali pamavuto kuti athandizidwe, ndi yaulere. Ndidzamusungira mu foni momwemo kuti akachita manyazi ndi ife akhale ndi kwina kolankhula.

Pali china chimene mwina simunachiganizire. Kungodziwika kuti mayi ake ali ku Joni ndi nyambo kale. Akalemba poyera kuti "amayi anditumizira katundu", mawa wina aimba kuti ndi dalaivala, katundu wagwidwa pa boda ya Mwanza, pakufunika ndalama msanga. Agogo ake, mmene ndimawadziwira, agulitsa nkhuku tsiku lomwelo. Mugwirizane kuti nkhani ya ndalama imatsimikizika ndi mawu anu okha, akakuimbirani pa nambala imene akuidziwa.

Za zithunzi za yunifolomu, dzina la sukulu ndi njira imene amadzera pobwerera, zimenezo asamaike poyera. Akadzakwanitsa zaka 16 nkulandira chiphaso cha unzika, asadzachijambule nkuika pa status monga ndikuonera anzake akuchita mosangalala, poti nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso chomwecho. Nafenso akuluakulu tisamale: chithunzi chija munaika chaka chatha, chokhala ndi lipoti lake la kusukulu, chinkaonetsa dzina lonse ndi kalasi. Ndikupempheni muchichotse.

Pempho langa ndi ili. Agogo ake sangathe kuona zimene zili mu foni, ndipo si chilungamo kuwasenzetsa katundu ameneyu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho foniyo ifikire kwa ine. Loweruka lake Tadala abwere, tikhale pamphasa, inu mukhale pa vidiyo. Tidzaika PIN ya WhatsApp limodzi, titseke kuti zithunzi zake azionera anzake okha, ndipo lonjezo lija losakalipa mudzamuuze ndi pakamwa panu, chifukwa mawu anga sangalowe m'malo mwa anu. Madalitso wavomera kudzamufotokozera yekha zimene zinamuchitikira.

Mundiuze tsiku limene basi inyamuke ndi dzina lake kuti ndikadikire ku Blantyre. Mupereke moni kwa bambo ake Tadala, ndipo chifuwa chija musachilekerere, pitani kuchipatala.

Ndine mnzanu,
Amake Madalitso