Chilengezo: Zokambirana za pa 21 Malichi

Mamembala nonse, pa 21 Malichi tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse kukambirana za tsankho la mtundu ndi kuponderezedwa kwa amayi. Limeneli ndi tsiku lomwe bungwe la United Nations limakumbukira anthu 69 omwe apolisi anawapha ku Sharpeville, ku South Africa, mu 1960, pomwe ankachita zionetsero zotsutsa malamulo atsankho.

Tidzakhazikika pa nkhani ya ntchito. Bungwe la ILO, nthambi ya United Nations yoona za ntchito, likuti padziko lonse malipiro a amayi ndi otsika ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi a abambo. Mayi wakuda ndiye amavutika pawiri: kalata yake yofunsira ntchito imaikidwa pambali, ndipo akalembedwa, anzake amakwezedwa iye ali pompo. Zimenezi n'zosavomerezeka.

Abambo, chonde musajombe, nkhaniyi ndi yanunso. Aliyense abwere ndi ganizo la zomwe gulu lathu lingachitepo.